Timafilimu ta pa foni tibwere kumavidiyo sho

Akonzi,

Ine ndili ndi kavidiyo sho kuno ku Salima chakufupi ndi Kamuzu Road, kanyumba ka malata, mabenchi asanu ndi awiri ndi jenereta yokhosomola basi, ndiye musayembekezere kuti ndilemba ngati munthu wa ku Chanco. Zaka zonsezi ndakhala ndikuonetsa mpira wa ku England ndi mafilimu a karate aja omasuliridwa mChichewa ndi ma DJ, anthu amaseka kenako nkumapita kwao. Koma mwezi wathawu anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi anandibweretsera memory card akuti bwana tationetsereniko kafilimu kathu mpira usanayambe, ndinavomera chifukwa mmodzi ndi mwana wa achemwali anga, osati kuti ndimayembekezera zanzeru ayi.

Kafilimuko ndi ka mphindi 14, anajambula ndi foni ku Senga Bay ndipo mawu ake pena samveka chifukwa cha mwera. Nkhani yake ndi ya agogo aakazi akuyanika usipa pa thandala uku akuuza mdzukulu wao za tsiku lomwe achiswe, anyamata a chipani ovala malaya ofiira, anawabweza pa geti ya msika chifukwa analibe khadi la chipani, anali ndi pakati ndiye anauzidwa kuti agule awiri, lina la mwana wa m'mimbayo, ndalama analibe, nsomba zonse zinaonongekera mu dengu. Mdzukulu uja nkufunsa kuti ndiye pa referendamu ya 14 June 1993 munavotera nyali ya zipani zambiri eti agogo? Agogo aja chete, kutembenuza usipa, kenako akuti anavotera tambala wa chipani chimodzi, nyaliyo sankaidziwa komwe ikupita koma tambala ankamudziwa ngakhale ankajompha. Filimu nkuthera pomwepo.

Akonzi, mpira tinauphonya mphindi makumi awiri tsiku limenelo. Anthu anayamba kukangana, ena akuti agogowo anali amantha, ena akuti inu ana simukudziwa kanthu, bambo wina wachikulire yemwe amangokhala phee pakona tsiku lililonse anaimirira nkunena kuti iyeyo anavalapo malaya ofiira aja ndipo pa geti anaimapo, sanapepese komanso sanadzitame, anangonena nkukhala pansi. Pa msonkhano wa chipani chilichonse sindinamvepo zotere, kumeneko ndi nyimbo, nsalu ndi ma t-shirt basi.

Ana ambiri obwera kwa ine anabadwa Kamuzu atamwalira kale mu 1997, za khadi amangomva ngati nthano ya kalulu. Ndipo kumbukirani kuti TV yathu inayamba mu 1999, ndiye zithunzi zomwe timaona za nthawi ijayi zambiri ndi za misonkhano ndi amayi akuvina, za mayi wobwezedwa pa msika palibe anajambula. Eni nkhanizo akutha mmodzimmodzi, maliro aliwonse kumudzi tikukwirira filimu yathunthu.

Mabungwe nawo amabwera ndi mafilimu ao, sindikukana, ena amandipatsa kangachepe kuti ndionetse. Koma aja umadziwiratu mathero ake mphindi yoyamba, mfumu yoipa ilapa, mtsikana abwerera ku sukulu, aliyense aombera m'manja kenako ma logo mbwee. Anthu amaonera ngati akumwa mankhwala a malungo. Ka ana awa kanalibe wolapa aliyense nchifukwa chake kanakhudza.

Tsono mawa lake kunabwera munthu wina, sinditchula dzina kapena mtundu wa nsalu yake, akuti mwayamba kuonetsa za ndale, akutumani ndani? Nditati palibe, akuti samalani bizinesi. Pano ukangoonetsa munthu akudandaula anthu amafuna adziwe kaye kuti ndiwe wa chipani chanji. Kuonjezera apo lamulo loona za mafilimu lija ndi la 1968, nthawi yomweyo ya makhadi, ndipo anawa akuopa kuti kupita nako ku Censorship Board ndiye kudziitanira mavuto, ndiye kamangoyenda pa WhatsApp ndi Bluetooth ngati katundu wozembetsa.

Chonsecho nkhani zili mbwee kunoko. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pa wailesi zinali manambala, koma tajambulani wakabaza mmodzi akuwerenga ndalama madzulo kuti agule tayala kapena ufa muone. Mayi wogona pa mzere wa feteleza wotsika mtengo dzina lake litasowa pa mndandanda. Msodzi yemwe amamvera mfumu ikatseka usodzi pa chilumba cha Mbenji koma kwina amakoka neti ya udzudzu usiku poti ana ali ndi njala, ameneyo ndi wolakwa kapena ayi, ine sindingaweruze koma ndikufuna ndimuone pa sikirini. Anzathu a ku Nkhotakota nao ali ndi zao, madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024 ndi nkhani za malo a nzimbe zija.

Pempho langa kwa inu anyuzi, tsamba lanu la zisangalalo lisamangothera pa ma launch a ku Lilongwe ndi Blantyre, tumizani mtolankhani adzakhale pa benchi yanga. A Film Association of Malawi nawo atsike kumaboma kuno, anawa sakupempha ma allowance, vuto lao lalikulu ndi maiki yoti izitchinga mphepo ndi laputopu yolumikizira zithunzi. Anzanga a mavidiyo sho ku Chipoka, Khombedza ndi Lifuwu, mphindi 14 mpira usanayambe sizingakugwetseni bizinesi, ine tsiku lija ndinagulitsa mandasi onse.

Loweruka likubwerali ndikaonetsanso, agogo aja akuti abwera adzadzione okha ngati mwendo ulola.

Mwini vidiyo sho,
Salima