Mchere ungathandize kupanga feteleza kufupi ndi alimi

Akonzi,

Alimi kuno ku Chipata timadandaula chaka ndi chaka za mtengo wa thumba la yuriya, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti fetelezayu amachokera ku amoniya (mtundu wa mpweya), imene mafakitale akhala akupanga m'njira ya Haber-Bosch, yophatikiza mpweya wa nayitrojeni ndi wa haidrojeni, kuyambira mu 1913. Kuti apatule amoniyayo ku mpweya wotsala, amaiziziritsa mpaka isanduke yamadzi, ndipo zimenezi zimafuna makina opanikiza mpweya mwamphamvu, amenenso ndi odula zedi.

Pofuna njira ina yopatulira amoniya, akatswiri ena akuyesa mchere wa magnesium chloride, osati wothira m'ndiwo uja, umene umamwa amoniya n'kuitulutsanso ukatenthedwa, ngakhale kuti umafufuma n'kuumbana ukagwira ntchito kangapo. Ndikupempha akatswiri athu kuti aifufuze njirayi, chifukwa ingatheketse kumanga timafakitale ting'onoting'ono kufupi ndi minda ya ku Katete kapena Lundazi.

Mlimi wa chimanga,
Chipata