Musathamangire kugula drive ina

A Mkonzi,

Ndimakopera nyimbo za kwaya ya kumpingo kwathu pa kompyuta yakale ya Windows XP. Mwezi watha inayamba kuchedwa koopsa, nyimbo zikudukaduka, mausi ikukanirira. Wokonza wina anati ndigule DVD drive yatsopano, chonsecho yangayo inalibe vuto.

Windows XP ikalephera ka 6 kuwerenga chimbale chokalikakalika, imachotsa drive pa DMA (njira yachangu yowerengera chimbale mosalemetsa purosesa, ubongo wa kompyuta) n'kuiika pa PIO, njira yochedwa pomwe purosesa imasenza yokha ntchito yonse. Izi ndi zomwe zinachitikira yanga. Ndinalowa mu Device Manager (pomwe Windows imaonetsa zipangizo za kompyuta), pa IDE ATA/ATAPI controllers, n'kuchotsa Secondary IDE Channel pomwe panali drive yanga, kenako n'kuyatsanso kompyuta. DMA inabwerera.

Abale okonza makompyuta, chonde muziyamba mwayang'ana pamenepo musanatigulitse zipangizo. Ndalama zikuvuta masiku ano.

Wowerenga wanu,
Zomba