Ku Peru musamathamangire ku Cusco

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za maanja amene akumabereka zikwama kumsana n'kumakazungulira dziko la Peru, ku South America, pa basi. Ine ndi madam tinapitako, ndiye ndikuti osapupuluma kuchoka ku Lima komwe ndi m'mbali mwa nyanja n'kulunjika kumzinda wa Cusco, kumtunda mamita pafupifupi 3,400, mutu umawawa zoopsa, mpweya kuperewera moti masitepe a pahotela pomwe umachita kupumira panjira. Eni ake amangokupatsa tiyi wa masamba a chitsamba chotchedwa coca, akuti amathandiza vutoli. Bola kudzera kaye ku Arequipa, mamita 2,300, thupi lizolowere. Matikiti a ku Machu Picchu, mabwinja otchuka a mzinda wakale m'dera la Cusco, guliranitu pa intaneti, amatha msanga.

Koma abambo enanu, mkazi kusenza chikwama cholemera inu muli bize kujambula zithunzi? Ndinaziona pa depoti ya mumzinda wa Puno, zochititsa manyazi.

Wowerenga wanu