Kwa oyang'anira sukulu ya maphunziro a network: voucher yanga ya ENCOR ili kuti?

Ndalemba pagulu pano chifukwa ku inbox simukuyankha, ndipo foni ya ku ofesi kwanu imangoitana osayankhidwa.

Ndinabwera kwa inu ndili nayo kale CCNA, satifiketi ya network ya kampani ya Cisco, ndikugwira ntchito pa kampani ina yopereka intaneti. Funso langa linali limodzi: ndipitirize ndi chiyani? Kuntchito timagwira kwambiri ma router a MikroTik, ndiye masatifiketi awo a MTCNA ndi MTCRE anali m'maganizo mwanga. Ndinkaganiziranso satifiketi ya Huawei ya HCIA-Datacom, poti zida za Huawei zili ponseponse m'makampani a mafoni. Mlangizi wanu anati zonsezo n'zachibwana, munthu wofuna kukwera atenge CCNP Enterprise basi, satifiketi ya Cisco yapamwamba kuposa CCNA. Ndinavomera, chifukwa kukhoza ENCOR, mayeso aakulu a CCNP Enterprise, kumawonjezeranso nthawi ya CCNA, imene imatha mphamvu pakapita zaka zitatu. Ndalama ya maphunziro ndi ya voucher (nambala yolipiriratu imene munthu amalembera mayeso) ndinalipira pamodzi, risiti ndili nayo.

Tsono tamvani zimene tinapeza m'kalasi. Munatipatsa mabuku a fotokope a ROUTE, SWITCH ndi TSHOOT, mayeso amene Cisco inathetsa mu February 2020. Kuyambira pamenepo CCNP Enterprise ndi mayeso awiri: ENCOR 350-401, kuwonjezapo amodzi osankha, monga ENARSI 300-410. Mu ENCOR muli mitu yamakono monga SD-WAN, SD-Access, Python, JSON ndi REST API. Ife madzulo athu ankathera pa Frame Relay, luso lachikalekale! Nditafunsa za automation, kuyendetsa network ndi mapulogalamu, aphunzitsi anangoseka n'kunena kuti zimenezo tikaonere pa YouTube. Ndiye ndalama ija ndinalipirira chiyani, abwana?

Labu imene munaijambula bwino pa Facebook ndi ma switch akale a 2960 ounjikidwa pa tebulo, ina fani yake ikulira ngati chigayo, ndi console cable imodzi (chingwe cholumikizira kompyuta ku switch) yolimbirana kalasi yonse. Zotsala zonse n'za pa Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera network pa kompyuta. Pa CCNA imathandiza ndithu, koma mitu yozama ya CCNP monga BGP siungaiphunzire pamenepo. Tinapempha mapulogalamu amphamvu kuposa pamenepo, GNS3 kapena EVE-NG, inu munati makompyuta anu RAM ndi yochepa. Magetsi akazima, kalasi yathera pomwepo.

Komabe chondiwawa kwenikweni ndi voucher. Mayeso a ENCOR ndi madola 400. Ndinakulipirani m'makwacha pa mtengo wa nthawi imeneyo, ndipo munalonjeza kugula sabata yomweyo. Simunagule. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023, munayamba kunena kuti ndiwonjezere ndalama, ati forex yavuta. Kuti forex ikuvuta tonse tikudziwa, si nkhani yachilendo. Koma ndalama yanga inali kale m'manja mwanu dola isanakwere. Munachedwa ndinu, nanga bwanji wolipira kuchedwako akhale ine?

M'malo mwa voucher munandipatsa pepala lanu losonyeza kuti ndinamaliza maphunziro, lokhala ndi chidindo chachikulu. Olemba ntchito safunsa pepala limenelo. Amafuna satifiketi imene angaitsimikize okha ku Cisco, ndipo imeneyo munthu amaipeza akalemba mayeso kudzera ku Pearson VUE, kampani yolembetsa mayeso a Cisco, osati pa printer ya mu ofesi mwanu. Pakadali pano CCNA yanga yatsala pang'ono kutha, ndipo ikatha ndiye kuti madola ena 300 olemberanso mayeso a CCNA, 200-301, andipeza.

Komanso lekani kuuza ana ongochoka ku koleji kuti sangalembe CCNP opanda CCNA. Lamulo limenelo linachotsedwa mu 2020 momwemo. Kuyamba ndi CCNA n'kwanzeru, inde, koma auzeni zoona asankhe okha.

Ndikufuna chimodzi mwa ziwiri izi mwezi uno usanathe: nambala ya voucher ya 350-401 yogwira ntchito, kapena ndalama yokwanira kugula voucher pa mtengo wa lero. Mundiyankhe pansi pano pomwe, anzanga amene tinali nawo m'kalasi aone nawo. Mukapanda kutero, risiti ndi mauthenga athu onse a pa WhatsApp ndipita nazo ku Competition and Fair Trading Commission.