Chitsulo chopukusira injini

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chitakale mvula ya chiperoni yatipanikiza sabata yonse, phiri silikuoneka n'komwe. Ana onse ali bwino, akupereka moni.

Munafunsa za kapikapu kathu kaja, ka Nissan 1400. Kakuyendabe, kakunyamula nanazi kupita ku Limbe, koma mwezi watha matapeti, tizitsulo tija totsegula mavalavu a injini, anayamba kulira ngati makina osokera. Mukukumbukira mmene tinkavutikira pochuna matapeti? Kuika giya 4, inu kukankha galimoto pang'onopang'ono, ine maso pa pule kudikira kachizindikiro kafike. Panopa wokankha palibe, ndiye ndinati ndipange chitsulo chopukusira injini ndekha.

Vuto ndi malo. Pakati pa bauti ya pule ya kulankishafuti (shafuti yaikulu imene mapisitoni amazungulitsa) ndi rediyeta mpata ndi wochepa, soketi yokhala ndi chogwirira chake sikwana. Ndinatenga soketi yakale yokwana pa bautiyo, ndinaidula kuti ifupike, n'kupala kunsana kwake mpaka kunyezimira kuja kutachoka. Kenaka ndinapita nayo kwa wowotcherera wa kumsika, nditanyamula chidutswa cha sipuling'i ya galimoto choti chikhale mpini. Bamboyo anandiuza kuti chitsulo cha sipuling'i sichigwirizana ndi moto, chimathetheka pomwe mwawotchererapo. Ine makani. Nditangokoka kawiri, thyo! Ndinabwerera mwamanyazi, iye osanena kanthu, kungotola chitsulo wamba chafulati, chotalika masentimita ngati 40, n'kuwotcherera mbali zonse ziwiri. Chimenecho ndiye chagwira.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Giya pa fulii, handibuleki m'mwamba, mapulagi onse anayi kunja kuti injini isamalimbane nawe ndi mpweya wake. Ukaima kutsogolo umapukusa motsata mmene wotchi imayendera. Osabwerera m'mbuyo, chifukwa kumeneko n'komasulira bauti ija. Kulankishafuti ikazungulira kawiri ndiye kuti kamushafuti, shafuti yokankha matapeti, yazungulira kamodzi, choncho theka lililonse la kuzungulira kwa kulankishafuti limakupatsa silinda ina yoti uchune: 1, kenaka 3, kenaka 4, pomaliza 2. Ndinachuna matapeti onse pa mpata wa 0.35 mm injini ili yotentha, ndekhandekha, tiyi asanazizire n'komwe. Chala chako chikakhala pa bowo la pulagi umamva mpweya ukuchikankha pisitoni ikamakwera. Zinandikumbutsa hendulo ya chigayo cha dizilo chija tinkapukusa tili anyamata.

Tsono imvani uchitsiru wanga. Nditabwezera mapulagi, chimwemwe chitandipitirira, ndinalowa n'kuliza galimoto chitsulo chija chili pa bauti pomwepo. Phokoso lake! Mayi a kunyumba anatuluka m'khitchini mthiko uli m'manja, akuyesa kuti galimoto yandigwera. Mpini unamenya paipi ya madzi ya m'munsi n'kuing'amba, chitsulo n'kugwera pansi. Mwayi rediyeta sinakhudzidwe, koma paipi ndinakaipeza ku Luchenza, ndipo nanazi anagona tsiku lina m'madengu.

Panopa ndamangirira kansalu kofiira ku mpini wake, ndipo ndikamachigwiritsa ntchito kiyi wa galimoto ndimamupereka kwa mayiwo. Sabweza asanachione chitsulocho m'manja mwanga.

Mukamabwera pa Khirisimasi mundigulireko gasiketi ya chivindikiro cha matapeti, ziwiri ngati ndalama ilola. Kumeneko zimapezeka mosavuta, yangayi yayamba kudontha oyilo.

Ndine mnzanu wa ku Chitakale.