Kwa Nduna ya Zachuma: bajeti isamatolere kwa osauka nkumakapindulitsa olemera

Olemekezeka Anduna,

Ndakulemberani poyera chifukwa bajeti si nkhani ya akatswiri okha ayi, imafika mpaka mthumba mwa munthu yemwe sanaionepo nkomwe. Chaka ndi chaka timamva kuti chuma chakwera ndi maperesenti akutiakuti, koma chakwerera ndani?

VAT, msonkho womwe timalipira pogula katundu, siyisankha nkhope, aliyense amadulidwa mofanana, koma wosauka ndalama yake yonse imathera pa zofunika pakhomo pomwe wolemera amasungako ina, nde mukawerengera bwinobwino amene akumva kuwawa ndi wosauka uja. Kwinaku makampani akuluakulu amapatsidwa zaka zambirimbiri osalipira msonkho ati pofuna kukopa mainvesitala, ena mwa iwo phindu amalitumiza kunja nkumalemba kuti aluza. Ndalama zomwe boma lazisiya dala zija bwanji sizilembedwa poyera kuti aphungu azikambirane?

Koma chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi ngongole. Boma likamakongola kwambiri kumabanki amdziko momwemo chiwongola dzanja chimakwera, mabanki amaona kuti kukongoza boma nkosavuta ndipo sangaluze, nde mlimi kapena mayi wa bizinesi yaying'ono akapita kukapempha loni amangobwezedwa, bizinesi siyikula, achinyamata ntchito osaipeza. Boma likafika potapa ku banki yayikulu ndalama imachepa mphamvu, katundu amakwera mtengo, umenewonso ndi msonkho ndithu ngakhale Nyumba ya Malamulo sinauvomereze, ndipo wolemera amauzemba pogula nyumba ndi malo pomwe wa malipiro ochepa alibe kothawira. Lipoti la United Nations la 2023 linati anthu 3.3 biliyoni ali m'maiko omwe amalipira ndalama zambiri pa chiwongola dzanja kuposa zomwe amaika ku maphunziro kapena zaumoyo.

Malonjezo alipo kale. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa anagwirizana zoika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ku Maputo mu 2003 anati 10 peresenti ku ulimi, koma ofikapo ndi owerengeka, ndipo ngakhale zalembedwa mbuku, kulemba ndi kwina kutulutsa ndalamazo nkwinanso. Zotheka zilipo Anduna. Brazil inayamba Bolsa Família mu 2003, ndalama zikupita mwachindunji kumabanja osauka, zambiri mmanja mwa amayi, bola ana azipita kusukulu ndi kulandira katemera, ndipo kwa zaka zambiri zonsezi zinkadya pafupifupi theka la peresenti imodzi ya chuma cha dzikolo basi.

Nde chonde, mukamabwera ndi bajeti yotsatira mubwerenso ndi chikalata choonetsa kuti osaukitsitsa alipira zingati ndipo alandira zingati, olemeranso chimodzimodzi, pamodzi ndi mndandanda wa makampani omwe akhululukidwa msonkho komanso ntchito zomwe alemba anthu.

Ine,
Nzika yokhoma msonkho