Nkhata ya pachitseko inandiitanira maliro

Zomba,
21 Disembala

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana ku Leeds konko. Kuno tadzuka, kungoti chimfine chinatizungulira nyumba yonse sabata yatha. Mvula yagwa bwino, chimanga chafika m'mawondo, tapalira ndipo feteleza woyamba tathira kale. Phiri lathu lija langoti biriwiri, mitambo ikumagona pa Ku Chawe mpaka cha m'ma 9 koloko.

Zimene ndikufuna kukuuzazi, wandiputa ndiwe. Chithunzi chija unatumiza pa WhatsApp cha chitseko chako, chokhala ndi nkhata ya masamba aminga ndi tizipatso tofiira psuu, chinandilowa mumtima. Ndinati inenso chaka chino sinditulutsanso kamtengo kathu kapulasitiki kaja, kamene nthambi zake zinayamba kuthothoka ngati nkhuku yachitopa. Ndinati mitengo ili mbwee chonchi pakhomo, ndilephere bwanji?

Loweruka ndinalawirira ndi chikwanje. Ndinasadza mpanda wathu wa cypress, uja anthu amangouti mkungudza, n'kung'amba nsungwi yaiwisi, kuipinda ngati gudumu la njinga, kenako kumangirira timanthambi ndi luzi, kamodzikamodzi, kuti kalikonse kabise phata la kanzake. Pamwamba ndinasomekapo maluwa ofiira a mtengo wa flamboyant wa kwa aneba. Kunena zoona inakongola. Ndinaikhoma pachitseko chakumaso, n'kubwerera m'mbuyo kuisirira, manja ali utomoni okhaokha. Zinyalala za nthambi zotsala ndinauza ana kuti akataye. Ana ngati anawo, m'malo mopita kudzala kuseri, anangokaziunjika kunja kwa geti, zina n'kumwazikira pamsewu.

Sipanathe ola. Ndili kukhitchini ndinamva njinga zamoto za kabaza zikuchepetsa liwiro zikafika pakwathu. Nditasuzumira ndinaona bambo wina watsika panjinga yake yakapalasa, akuikankha, chipewa chili kumanja. Sindinatolepo kanthu. Kenako mayi wa nyumba yachitatu uja anabwera atamanga chitenje ndi duku, akuyenda monyang'ama, n'kudzagwada pakhonde osanena kanthu. Ndisanamufunse n'komwe, apongozi anga anatulukira kuchokera ku Thondwe, dengu la mango lili pamutu, nkhuku ya Khirisimasi ili kukhwapa. Anaima pageti, kuyang'ana masamba pamsewu, kuyang'ana chitseko, dengu lija pansi phi, mango n'kumwazika.

"Mayo ine! Kwagwanji kuno? Bwanji osatitumizira uthenga?"

Mnzanga, manyazi amene anandigwira sindingathe kukufotokozera. Ndinathamanga kukawagwira mkono. "Amayi, pepani, kulibe chovuta, tonse tili moyo. Ndi zokongoletsa za Khirisimasi chabe." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Mwananga, nkhata ya maluwa malo ake n'kumanda. Ukufuna kulodza ndani?" Nkhuku nayo inapezerapo mpata n'kuthawira m'chimanga, tinaigwira madzulo. Bambo a ana anaseka mpaka misozi, koma anadikira kaye kuti amayi awo alowe m'nyumba.

Usiku ndinagona ndikuganiza kuti ine mwana wobadwira konkuno ndinaiwala bwanji chinthu chimene ngakhale mwana wa sitandade 1 amachidziwa. Masamba aawisi akayalidwa pamsewu ndiye kuti pali zovuta, wagalimoto ayende pang'onopang'ono, wapanjinga atsike. Nkhata timaiona pa bokosi ndi pamtumbira. Chithunzi chako chinanditseka m'maso. Kwanuko masamba omwewo amanena zina. Unandiuza kuti masiku ano dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane, mitengo yonse yayoyola masamba yangotsala mbulanda, kunja kuli zii. Munthu wokhala mumdima wotero akaona holly, wa masamba aminga uja wa pachitseko chako, ndi ivy woyanga uja ndi paini zili zobiriwirabe pakati pa chisanu, n'zomveka kuti amafuna kuzilowetsa m'nyumba zizimukumbutsa kuti dziko silinafe. Mwambowo unaliko kumeneko Chikhristu chisanafike, anthu akale a ku Roma ankachita pa chikondwerero chawo cha Saturnalia m'mwezi womwe uno. Akhristu anadzangoupatsa tanthauzo lawo, kuti minga ya holly ndi chisoti chaminga cha Ambuye, tizipatso tofiirato ndi magazi. Ife Disembala ndi mwezi umene udzu umamera ngakhale padenga. Sitisowa chotikumbutsa kuti kunja kuli moyo, timachita kulimbana nawo ndi khasu.

Ngakhale mtengo wa Khirisimasi weniweniwo si wa Angerezi ako. Unachokera ku Germany, ndipo unafala ku Britain nyuzipepala ya Illustrated London News itasindikiza chithunzi mu 1848, cha Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wake Albert, yemwe anali Mjeremani, ataima ndi ana awo mozungulira mtengo wokongoletsedwa. Aliyense anafuna kutengera za kunyumba yachifumu. Ndiye usandiseke kwambiri, nawonso anakopeka ndi chithunzi ngati ine. Ukapita ku London tchuthi chino ukaone uja amauimika pa Trafalgar Square. Umachokera ku Norway chaka chilichonse kuyambira 1947, mzinda wa Oslo ukuthokoza thandizo la pa nkhondo yachiwiri. Nanga mistletoe yopsompsonana pansi pake ija unapachika? Akale a kumeneko ankapangira ulimbo wokolera mbalame tizipatso take toyerato, ndiye n'zosadabwitsa kuti ikukolabe anthu. Imeneyo yokha apongozi anga asaimve.

Ukukumbuka kodi tili ku Sande sukulu, aphunzitsi akutipatsa thonje la kuchipatala kuti tizimata pa nthambi ya cypress, ati ndi chipale chofewa? Ife thukuta lili kamukamu m'tchalitchi cha malata, tikumata chisanu chimene sitinachionepo. Tinkaona ngati ndiye Khirisimasi yeniyeniyo.

Nkhata ija ndinaichotsa tsiku lomwelo, koma sindinagonje. Amene anandithandiza ndi apongozi omwewo, mkwiyo utaphwa. Anati, "Ngati ukufuna masamba, aimike. Tsamba la chisangalalo limaima, logona pansi ndi la maliro." Anandikumbutsa mmene ankakonzera kumudzi kukamabwera bishopu kapena pakakhala ukwati: makhwatha a kanjedza awiri mbali iyi ndi iyi ya khomo, nsonga zake n'kuzikumaniza pamwamba, ndi mitengo ya nthochi yaing'onoing'ono yozulidwa ndi mizu yomwe. Tinatuma mwana wa mlongo wanga kudambo, anabwera ndi kanjedza wokwanira. Apongozi anakhala pamkeka n'kumaluka timasamba ta m'munsi ngati akuluka tsitsi, zala zikuthamanga, maso ali kwina akundilangiza za kaphikidwe ka mpunga wa Kilombero. Pomwe ankamaliza, khomo lathu linali ngati polowera mkwatibwi. Mayi wa duku uja anadutsanso, ulendo uno analulutira.

M'nyumba ndaphunzira zambiri masiku anayi okha. Tsamba la nthochi likadulidwa silichedwa, pofika mawa lake lafota ndi kung'ambika, choncho ndi loyala patebulo m'mawa wa tsikulo basi, pansi pa mbale. Maluwa a flamboyant amayoyoka usiku umodzi, umadzuka pansi pali psuu ngati mwaphera mbuzi pabalaza. Bougainvillea ndiye wolimba mtima, amauma ali ndi mtundu wake, kungoti minga yake yandimaliza zala. Frangipani ndimatola amene agwa okha m'mawa n'kuwayandamitsa m'mbale yadothi ya madzi, fungo lake limadzaza nyumba. Nthambi za bulugamu ndi za ndimu ndaziika mumtsuko waukulu uja unali wa thobwa, ndathiramo madzi ndi mchenga kuti zisagwe, ndipo phata la nthambi iliyonse ndinalidula mopendeketsa kuti lizimwa bwino. Madziwo ndikumasintha tsiku lililonse, apo ayi udzudzu ungatsegulemo sukulu ya mkaka. Ndipo chilichonse chochokera kunja uyambe wachikutumula ndi kuchiviika m'beseni. Tsiku loyamba sindinatero, nthambi ya mango inalowa ndi chisa cha nyerere zofiira zija zimasoka masamba, zinabalalikira pa sofa bambo a ana atakhala pomwepo. Akuluakulu sananame kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Makandulo ndawaletsa pafupi ndi zonsezi. Magetsi akangozima ana amathamangira kandulo, ndipo cypress ikauma imayaka ngati yathiridwa palafini. Tikugwiritsa ntchito kanyali ka sola.

China chimene chinandiseketsa ndekha ndi ichi. Ndinkadzitama kuti ine ndakongoletsa ndi zakwathu, osati za Azungu. Mwana wanga wamkulu, amene akuphunzira za nkhalango, anangoti, "Amayi, zakwathu zake ziti?" N'kuyamba kuwerenga: paini wadzaza phiri la Zomba uja kwawo ndi ku Mexico, bulugamu ndi wa ku Australia, flamboyant ndi wa ku Madagascar, bougainvillea ndi wa ku South America, mango omwewa anachokera ku India. Zenizeni zakwathu m'nyumba monse zinapezeka kuti ndi kanjedza, nsungwi, ndi masuku amene ndinaunjika m'lichero pakati pa tebulo, omwenso akutha msanga chifukwa aliyense wodutsa akutolapo. Ndinamuuza kuti mlendo akakhalitsa amapatsidwa munda, asandisokoneze.

Anandifotokozeranso za poinsettia, duwa lija ladzaza m'masitolo mwanu mwezi uno. Pakhomo pa amayi ako paja pali chitsamba chake chachikulu kuposa munthu, koma panopa changokhala chobiriwira ngati chinangwa. Chimafiira usiku ukatalika, ndiye kwanuko zimakumana ndi Khirisimasi, pamene kuno chimafiira mu Juni ndi Julayi, nthawi ya chiperoni. Zofiirazo si maluwa ayi, ndi masamba, maluwa ake ndi tachikasu tating'ono ta pakati. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchidutsa osadziwa kuti ndi chomwecho chimene mumagula ndi mapaundi.

Duwa lathu la nyengo ino ndi lija limayanga m'tchire mvula ikagwa, lofiira ndi chikasu, lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto, limene anzathu a ku Zimbabwe analisankha kukhala duwa la dziko lawo. Ana anabwera nalo lodzaza manja kuchokera kumunda. Ndinaliika m'botolo pamwamba pa kabati pomwe wamng'ono sangafikire, n'kuwasambitsa m'manja onse ndi sopo, chifukwa chomera chimenechi ndi poizoni kuyambira duwa mpaka mizu yake yonga mbatata. Nawenso usamale ndi tizipatso ta holly ndi mistletoe, kamtsikana kako kali pa msinkhu woika chilichonse m'kamwa.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinakana. Mnyamata wina anabwera pageti ndi thumba, akunong'ona kuti ali ndi mkungudza weniweni wa ku Mulanje, timatabwa ndi nthambi zomwe, ati nyumba inunkhire. Kaya unali weniweni kaya ankandinamiza, ndinamubweza. Fungo lija ndimalikonda, limandikumbutsa kabokosi kamene agogo ankasungiramo ndalama ndi makadi a sikelo. Koma mtengo umenewu, umene Kamuzu anaulengeza kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, tautha ndi macheka. Akatswiri atayendera phiri la Mulanje mu 2017 anapeza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Isanu ndi iwiri, mnzanga, phiri lonse lija. Anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa mbande ndi kukabzala pamwamba, koma mkungudza sufulumira kukula, ife sitidzauonanso mmene anauonera makolo athu. Ndipo pambuyo pa zimene tinaona ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope akutsika m'phiri la Soche, dzanja langa limalemera ndikafuna kudula chinthu cha m'phiri. Zonse ndakongoletsera nyumbazi ndi zosadza pakhomo ndi kudambo, palibe mtengo wagwa.

Ndiye mtengo wa Khirisimasi wa chaka chino ndi wamoyo. Nyengo yobzala mitengo inayamba pa 15 Disembala, imatha pa 15 Epulo, mbande zili paliponse. Ndinagula mbande ya mbawa yofika m'chiuno, ndaiika mu ndowa yobooka ija, ndowayo ndaikulunga ndi chitenje. Kunena chilungamo sikuoneka ngati ya pa chithunzi chako, ili ndi nthambi zisanu zokha ndipo yapendamira kuwindo. Ana apachikapo nyenyezi zoluka ndi mlaza, zitsononkho za chimanga zopaka choko, ndi tizipatso touma ta paini timene anatola pa msewu wokwera kuphiri. Pansi pake amanga khola la udzu, Yosefe ndi Mariya ndi ng'ombe zoumba ndi dothi la pachulu. Ng'ombe imodzi yathyoka kale mwendo, ati ndi yogona. Inu mumachotsa zokongoletsa pofika pa 6 Januwale, ife tidzatulutsa pa 2, chifukwa mbande siingapirire mthunzi wa m'nyumba nthawi yaitali. Dzenje takumba kale kuseri kwa khitchini. Ukadzabwera udzaipeza, ndipo ngati uchedwe monga wachitira zaka zisanu ndi chimodzi izi, udzakhala pamthunzi pake.

Nkhata ija usade nayo nkhawa, sinapite pachabe. Apongozi anaimasula, nsungwi anasonkhezera moto, luzi anasunga, ndipo dzulo ndinawamva akufotokozera amayi a kumpingo nkhani yonse kachitatu, akuonjezera kuti ine ndinalira. Sindinalire. Akupereka moni, ati uwatumizire mankhwala opaka m'mawondo aja. Undipatsire moni bambo a kunyumba ndi ana, ndipo pa 25 udzaimbe cha m'ma 3 koloko ya kuno, tikatuluka m'tchalitchi ndi kudya, kuti ndidzakuonetse khomo kanjedza asanafote.

Ndine mnzako wa kalekale,
wa kuno ku Zomba